Dzina limene alongo anatsekera komputadori

Alongo anga aakulu ndi munthu woti ukawafunsa njira ya ku Malowera amayamba akuuza kaye chimene chalakwika ndi boma. Ndimawanyoza, ndipo sindibisa. Ndinayamba kuwanyoza chaka chimene komputadori inafika ku Chiputo, ndipo mpaka lero mtima sunatembenuke.

Tinabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ine ndili ndi khanda lachitsikana kumbuyo. Linabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo bambo wake anatsala komweko m'manda. Pepala lokhalo losonyeza tsiku limene mwanayo anabadwa linali khadi la kusikelo, lachikasu, limene ndinkalisunga m'pulasitiki pakati pa Baibulo. Ana ambiri obadwira kunja anali chimodzimodzi, wina khadi la sikelo, wina la ubatizo. Zaka zoyambazo palibe anafunsa za mapepala. Tinali kalikiliki kuzula zitsa m'minda imene inasanduka thengo, ndipo aphunzitsi ankangolemba mwana aliyense amene wabwera. Koma mayeso a setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, salemba mwana wopanda sedula, kabuku ka boma kosonyeza kubadwa. Mwana wanga anafika setima ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pa masamu ankasiya anyamata onse kumbuyo.

Chaka chimenecho bungwe lina lothandiza obwerera kwawo linabweretsa komputadori, kamakina kosindikizira, bateriya ndi galasi lotchera dzuwa. Ntchito yake inali imodzi. Komiti yathu ilembe ana onse obadwira kunja, mndandanda usindikizidwe, adindepo chidindo cha komiti, kuti anthu a rejisitu, a boma opereka sedula, akadzabwera kuchokera ku Fingoe adzapeze umboni uli chile. Mlembi wa komiti anali alongo. Ine ndinaphunzira kulemba pa makina kumsasa kuja, zala zonse khumi, osayang'ana pansi. Ndinapita kukadzipereka.

“Iwe, makina ako aja ndi khasu, ichi ndi thirakitala,” anatero. “Munthu wosachidziwa akangokhudza molakwa chimafufuta zonse. Bweretsa khadi la mwana, zinazo undisiyire neo.”

Ndinapereka. Ndikanakana bwanji? Kwathu mwini mbumba ndi mlongo wako, ndipo za sukulu ya mwana amayankha ndi atsibweni ake. Makolo onse anapereka makadi awo, alongo n'kuwaika m'katoni ya sopo. Anatiuza kuti pepala ndi zinthu za atsamunda, dzina likalowa m'komputadori silitulukanso.

Anaika makinawo m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, chifukwa ndi nyumba yokhayo imene inali ndi malata ndi loko. M'mawa uliwonse ankapita atavala jekete, kiyi ali m'khosi. Ankakhala mpaka bateriya itatha. Tsiku lina popita kumadzi ndinasuzumira pawindo. Pagalasi la komputadori panali pobiriwira, pali makadi a juga ondandalikidwa, mfumu, mkazi wa mfumu, mitima yofiira, ndipo alongo ankawakoka limodzilimodzi ndi chala chimodzi, lilime lili kunja. Mkulu wa mpingo, munthu amene anachotsa mnyamata m'kwaya chifukwa chomupeza ndi makadi m'thumba.

Nditawafunsa sanachite ndi manyazi omwe. Anati masewerawo anaikamo ndi akatswiri kuti dzanja lizolowere, ndipo amanola ubongo kuposa bawo. Anati juga ndi pamene pali anthu awiri, munthu akamasewera yekha ndi maphunziro. Ine ndinaona anthu akusewera bawo moyo wanga wonse, ndipo bawo ili ndi ubwino umodzi, mnzako akatopa umadzuka. Chija sichitopa. Ukachigonjetsa chimakugawiranso makadi, ukagonja chimakugawiranso, ndipo sichikufunsa ngati kwanu kwaphikidwa.

Bateriya ikatha ankatuluka pakhonde kukagawira anthu nzeru. Nkhani yawo yapamtima inali msonkho. Ankati boma liike msonkho waukulu pa kachasu, pa fodya ndi pa zakumwa za shuga zimene zinayamba kubwera ndi amalonda a ku migodi ya golide. “Munthu wa kuno samva lini ndi khutu, amamva ndi thumba,” ankatero. Ankanena zimenezi akutakasa tiyi wa masipuni asanu a shuga. Amene ankatcheza kachasu m'mudzi mwathu anali amayi amasiye ofuna mchere ndi sopo, ndipo amene ankamwa kwambiri anali amuna amene anaona zinthu m'thengo zosati n'kusimba. Sindikunena kuti kachasu ndi wabwino, anandiphera msuweni. Koma woledzera amagwa panjira aliyense n'kumuona, pamene alongo ankaledzera ndi makadi awo atavala jekete anthu n'kumawapatsa moni wa ulemu.

Chimene ankanyadira koposa chinali senya, mawu achinsinsi otsekulira makinawo. Munthu wa bungwe lija anawalangiza kuti auze munthu wina mmodzi wa m'komiti, kapena alembe papepala asunge kwa abusa. Iwo anakana. Anati azungu sadziwa kutseka chinthu, amasankha mawu oti wakuba akhoza kungoganiza.

“Yanga ndi ina,” anauza anthu pakhonde paja. “Akuluakulu onse a m'mudzi muno akuidziwa, koma palibe angaitchule. Ngakhale mumuike mpeni pakhosi.”

Amuna achikulire anaseka chamumtima n'kuyang'ana pansi, ndipo ine ndinadziwa pomwepo. Alongo analowa kudambwe nkhondo isanafike kwathu. Mnyamata akatuluka kumeneko amabwera ndi dzina latsopano, ndipo la ubwana lija limafa. Salitchula mayi ake, salitchula mlongo wake, ndipo wolitchula ndiye kuti wamutukwana chitukwano choposa kumuvula pagulu. Alongo anabatizidwa kumsasa, ankalalikira kuti za kudambwe ndi za mdima, koma pofuna loko wa makina a azungu anakatenga komweko. Ndivomereze, pamenepo pokha anaganiza. Nzeru zawo zonse za chaka chimenecho zinathera pa kutseka chitseko.

Miyezi inapita. Ndikafunsa za mndandanda ankati watsala pang'ono. Ndikafunsanso ankati ndili ndi mtima wapachala. Kenaka kumapeto kwa chilimwe uthenga unabwera kuti a rejisitu afika Lachinayi, akhala masiku awiri okha, chifukwa mvula ikayamba galimoto sifikanso ku Chiputo. Aphunzitsi a setima anati mayina a olemba mayeso apita ndi galimoto yomweyo.

Lachiwiri m'mawa alongo anakwera lole ya amalonda kupita ku Fingoe. Anauza alamu, akazi awo, kuti akukagula madzi a bateriya. Kiyi anasiya m'jekete, koma chidindo cha komiti anapita nacho m'thumba.

Lachitatu sanabwere. Lachinayi a rejisitu anafika, anaika tebulo pansi pa mtengo wa pasukulu, ndipo makolo tinaima pamzera tili manjamanja. Mkulu wa rejisitu anali munthu waulemu, wolankhula Chinyungwe. Anatifotokozera kuti makolo ena amachepetsa zaka za ana pofuna mayeso, choncho kwa obadwira kunja pakufunika umboni.

“Mai, ndabva,” anandiuza. “Tsono ndipaseni chinthu chibodzi. Penu khadi, penu mndandanda wa komiti wodinda.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kwa alamu, ndinatenga kiyi osapempha, ndinaitana aphunzitsi a setima amene anaonapo komputadori ku Tete. Makolo ena anatitsata n'kudzaza pakhomo. Aphunzitsi anayatsa, makina analira, ndipo pagalasi panatuluka kabokosi kofuna senya. Iwo anali mlendo wochokera kumunsi kwa Zambezi, sankadziwa kanthu za kwathu. Anafunsa ngati pali amene akuidziwa. Pakhomo panali amuna anayi amene anakula ndi alongo, ana awo ali pamzera womwewo. Onse anayang'ana kudenga.

Ndinakhala pampando. Dzinalo ndinalimva komaliza ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amayi akuitana alongo kuti akatsekere mbuzi. Ndinadziuza kuti kulemba si kutchula, koma mtima sunavomere bodzalo. Ndinaika zala pa makina. Mayi wina wachikulire anatuluka panja kuti asaone. Ndinalemba, pagalasi pankangotuluka timadontho, ndipo makina anatseguka ulendo woyamba womwewo.

Aphunzitsi anafufuza n'kupeza mndandanda. Pamwamba panali mutu wa zilembo zikuluzikulu, wokongoletsedwa bwino, ndi dzina la mlembi wa komiti. Pansi pake panali mayina atatu, ana a alongo. Basi. Aphunzitsi anatsitsa, anakweza, anafufuza malo ena, kuti mwina pali mndandanda wachiwiri. Anangopeza pamene masewera aja amasunga mbiri yake, ndipo pamenepo ndiye panali podzaza, maulendo mazanamazana.

Sindinataye mtima nthawi yomweyo. Ndinati makadi alipo, tingowatengera kwa a rejisitu. Katoni inali pansi pakona, yotsamira khoma la dothi, pamwamba atasanjikapo mabuku a nyimbo. Nditainyamula, pansi pake panatsala. Chiswe chinalowera kukhoma n'kumanga nyumba m'kati. Makadi a ana a mudzi wonse anali dothi lofiira lokhala ndi tizidutswa ta pepala. Pulasitiki imene ndinakutira khadi langa alongo anaichotsa, sindidziwa chifukwa chake. Ndinapeza kachidutswa kachikasu kokhala ndi mzera wa kulemera kwa mwana, kopanda dzina, kopanda tsiku. Mwina kanali ka mwana wanga, mwina ka wina.

Amene anali ndi makadi a ubatizo anapulumuka, kuphatikizapo ana a alongo, chifukwa abusa anali ndi kaundula wawo amene anabwera naye kuchokera kumsasa. Mwana wanga anabatizidwira mpingo wa bambo wake, kaundula wake anatsala ku Zambia. Madzulo asanafike ndinali nditalemba mndandanda wonse ndi zala zanga, makolo akunditchulira pamtima, ntchito imene inalephereka miyezi isanu ndi iwiri. Tinasindikiza. Koma pepala lopanda chidindo ndi pepala chabe, ndipo mkulu wa rejisitu analiyang'ana nthawi yaitali n'kundibwezera ndi manja awiri. Sindimuimba mlandu. Lachisanu masana galimoto inanyamuka.

Alongo anabwera Lolemba, wapansi kuchokera kumtsinje kumene lole inawatsitsa, opanda madzi a bateriya. Ndinkayembekeza kuti abwera kunyumba kwanga chogwada. Anabwera ndi akuluakulu awiri a banja kudzandiuza kuti ndili ndi mlandu.

Tinakhala pabwalo la alamu, aphunzitsi a setima ali pomwepo. Alongo analankhula nthawi yaitali za chitetezo cha makina, kuti munthu wolowa ndi senya ya mnzake kumayiko a anzathu amamangidwa, kuti mwina mayinawo analimo ndipo ndinawafufuta ndine ndi zala zanga za khasu. Aphunzitsi atakana zimenezo, anasiya za makina n'kugwira za mwambo. Anati mlongo wawo weniweni wagwira dzina lawo lakufa pamaso pa anthu ndi pamaso pa mlendo.

“Atsibweni a mwana ndi ndani?” ndinafunsa. “Khadi ndinapereka kwa ndani?”

“Imeneyo ndi nkhani ina, mayi,” anatero mmodzi wa akuluakulu aja. “Tithane kaye ndi iyi.”

Nkhani inayo mpaka lero sinakambidwe. Anagamula kuti ndipepese ndi nkhuku. Ndinagwira tambala wanga, ndinagwada, ndinapereka, ndipo alongo analandira akuyang'ana kumbali ngati munthu amene wachitiridwa chipongwe chachikulu koma wakhululuka. Mawa lake anadinda mndandanda wanga uja, mosaumira, n'kunena kuti a rejisitu akadzabweranso zonse zili m'malo. Senya anasintha. Masana ndinawaona pawindo akukoka makadi.

Mvula inayamba sabata yomweyo ndipo msewu unaduka. Aphunzitsi anandiuza mosabisa kuti chaka chamawa akuwasamutsa, ndipo sakudziwa ngati kudzabwera mphunzitsi wina wa setima. Winayo sanabwere kwa zaka ziwiri. Pamene ankabwera, mwana wanga anali akuphikira anthu okumba golide kufupi ndi Fingoe.

Koma tsiku limene ndimakumbukira ndi la mayeso. Mwanayo ankadziwa zonse, ndinamuuza ndekha. Komabe anachapa yunifomu dzulo lake, anadzuka m'mamawa, anasamba, anatenga pensulo ziwiri. Sindinamuletse. Ndinamutsata chapatali. Ana anaima pamzera pakhomo la kalasi, aphunzitsi akuwerenga mayina, aliyense womva lake n'kulowa. Iye anaima pakati pawo, mzera ukuchepa, mpaka anatsala yekha. Aphunzitsi anapinda pepala, anamuyang'ana, anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Anandipeza panjira. Sanalire. Anandipatsa mapensulo aja kuti ndikapatse mwana wa atsibweni ake, amene anali m'kati ndipo anabwera ndi imodzi yosasongola. Kenaka anafunsa ngati lero tikupalira munda wa kumtunda kapena wa kudambo.