Kwawo kwa Mkamwini Kulibe Denga

Azakhali anga anabwera ku London kudzalera mdzukulu wawo ku Peckham, koma a kumudzi anawasenzetsanso ntchito ina: akaone mzungu amene ankafuna kundikwatira, ndipo akapondenso kwawo. Mawu awo ndiwo anali chigamulo. Iwo akakana, amalume nawonso akanakana, ndipo ine ndikanayenera kusankha pakati pa mwamuna ndi abale. Zimenezi zinkandiwondetsa.

Vuto linali lakuti mwamunayo analibe kwawo koti n'kuloza ndi chala. Ankayendetsa basi ndipo ankakhala m'chipinda cha lendi ku Ilford. Makolo ake onse anamwalira, abale analibe, nyumba imene anakuliramo munali mutalowa anthu ena. Nditamuuza zofuna za azakhali anakanda mutu, kenaka nati Loweruka tidzapite kumalo amene amakonda kukayendako.

Malowo ndinkawadziwa bwino. Anali atandikokerako kangapo, pakuti azungu ali ndi matenda oyenda mtunda wautali popanda maliro kapena chigayo kutsogolo. Ndinaona kuti ukwati wanga wafera pomwepo. Ndiye ndinati poti wafa kale, bola ndisekeko, makamaka chifukwa azakhali anali atandilasa kokwanira ndi mawu akuti ndatola munthu wosadziwa kumene mchombo wake unagwera.

"Kwawoko n'kotani?" anandifunsa pafoni.

"Kuli nyumba ya amonke, ansembe odzipatula aja, azakhali. Kulinso linga la mafumu akale."

Sindinaname ayi. Ndinangoiwala dala kutchula za denga.

Loweruka anatulukira atatchena ngati akupita kukalandira bishopu: chilundu chatsopano, duku lotalika, nsapato zagogoda, ndi kathumba ka mpunga wa ku Karonga m'chikwama, poti pakhomo pa eni sapita chimanjamanja. Bwenzi langa, ali m'majombo ake, anayang'ana nsapato zija n'kutsegula pakamwa. Ndinamutsina, natseka.

Tinakwera sitima, kenaka basi mpaka pamene imathera. Nyumba zinatha, minda inayamba. Azakhali anayenda monyadira mpaka pa mpanda wina umene eni ake, m'malo moika chitseko, anakhomapo matabwa oti munthu akwere n'kutsikira tsidya linalo. Anafika pamwamba, mwendo uku mwendo uko, chilundu chikukana, ndipo anatsitsidwa ndi mzungu yemweyo amene anabwera kudzamuyesa. Kutsogolo tinapeza hatchi itafunditsidwa bulangeti.

"Taona," anatero, "hatchi yavala jekete, anthu tikuyenda wapansi. Dziko ili lili ndi mutu koma?"

Kenaka matope anameza gogoda imodzi n'kukana kubweza mpaka bwenzi langa atapisamo mkono. Ine nthiti zinkandipweteka chifukwa chobisa phwete. Ndinawauza kuti walira mvula walira matope, ndipo diso limene anandiponyera ndimalikumbukira mpaka lero.

Nyumba ya amonke inaonekera titadutsa kankhalango. Makoma amiyala, zenera lalikulu lopanda galasi, udzu m'kati momwe munali guwa, mitambo ikudutsa pamene panayenera kukhala denga. Banja lina linali litakhala pamwala likudya masangweji.

"Amonke aja apita kuti?"

"Anachoka kalekale, azakhali, agogo a agogo athu asanabadwe."

"Ndiye wandiveka nsalu yatsopano kudzandionetsa bwinja? Ndipo awo akudyera pabwinja? Sorry, koma anthu awa saopa kanthu."

Linga la mafumu linali chapamtunda pang'ono, ndipo linali loipirapo: chitunda, dzenje louma mozungulira, ndi chikhoma chogumuka chimene ngakhale mbuzi yabere ikanalumpha. Azakhali anakhala pamwala, naika chikwama pamiyendo. Nkhope inasintha, ndipo ine kuseka konse kunandithera. Mantha anandigwira.

"Masewera atha," anatero. "Mufunse mnzakoyu. Kwawo kuli kuti? Makolo ake agona kuti?"

Ndinamumasulira. Iye anavula chipewa, naloza mtengo waukulu umene unamera m'mbali mwa khoma lija. Anafotokoza pang'onopang'ono m'Chingerezi, ine ndikutembenuza. Makolo ake anadziwana akuyenda m'njira yomweyi. Mayi ake atamwalira iye ali mwana, thupi linawotchedwa monga amachitira ambiri kuno, ndipo bambo ake anadzawaza phulusa pansi pa mtengowo. Lamlungu lililonse ankabwera naye kudzakhala pamenepo. Bambowo atatsatira, iye anadzawazanso phulusa lawo pomwepo.

"Onse awiri ali pano," anatero. "Kwina koti ndikuonetseni ndilibe."

Ine sindinkadziwa. Maulendo onse aja ndinkangodandaula za matope, iye osanena kanthu. Mawu omalizawo ndinawamasulira ndikulira.

"Anawawotcha?" anafunsa azakhali monong'ona. "Mayo ine."

Kenaka anavula gogoda zija, nayenda chopanda nsapato mpaka pamtengo, nagwada, naomba m'manja mwaulemu monga timachitira pofika pa akuluakulu. Anadzitchula kuti ndi ndani, achokera kuti, abwera ndi mwana wa yani. Atamaliza anayang'ana uku ndi uku, ndipo ukali unabwerera.

"Ndiye makolo azigona m'tchire chonchi? Mwana alipo, manja ali nawo, osalambula?"

Anakwinya chilundu n'kugwira tchire lija ndi manja awiri. Tsono zomera zimenezo ndi zija zoyabwa zimene zimadzaza m'mbali mwa njira za kuno. Ndinawachenjeza ndithu, kungoti mawu anga anachedwa pang'ono kutuluka.

"Chitedze! Mayo, chitedze cha azungu!"

Anavina gule amene sindinamuonepo ku Dowa konse, duku likugwera cham'mbali. Bwenzi langa anathamanga kukathyola masamba ena otambalala amene amaziziritsa ululuwo, nawatikita m'manja, iwo akumukalipira m'Chichewa ngati anadzala ndi iye. Ululu utachepa anamulamula kuti avale magolovesi ake amalize ntchitoyo, ndipo anazula tchire lonse iwo ataimirira pambali ngati kapitawo wa kuesiteti. Pomaliza anatulutsa mpunga uja.

"Eni khomo sangaphike," anatero. "Landira iwe m'malo mwawo."

Za chigamulo sananene kanthu njira yonse yobwerera, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Titafika ku Ilford anatiletsa kulowa m'nyumba. Kwathu munthu akachokera kumanda amayamba wasamba m'manja panja. Anagogoda kwa aneba, mayi a ku Chipata, napempha beseni la madzi. Anasamba iwo, ndinasamba ine. Bwenzi langa anaima patali, poganiza kuti izi ndi za pabanja, iye sizikumukhudza.

"Nanga akamwini akudikira chiyani?" anatero azakhali. "Madzi ndi omwewa."

Manja ake ali m'beseni, iwo anali atayimba kale foni kumudzi. Ndinamva amalume akufunsa ngati kwawo kwa munthuyo akuona.

"Ndakuona, achimwene," anayankha azakhali, akukanda zala zotupa. "Denga kulibe, koma makolo tawapeza."