Mapiritsi a m'Jekete la Malemu

Chizindikiro choyamba chinali chakuti galu wathu Tilipo sanadzuke kudzandilonjera. Unali mmawa wa Lachiwiri, mwezi wa Juni, patangopita masabata ochepa titaika amuna anga kuno ku Kabudula. Galuyo anali wawo. Ndinamupeza atagona pakhomo la kuchipinda, dovu likutuluka, miyendo ili zii, akupuma mobanika. Kapumidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene ankapumira iwo masiku awo omaliza, ndipo ndinagwidwa mantha.

Aneba anati akuba amuthirira poizoni wa tameki. Ena ankanong'ona kuti mwini wake wabwera kudzamutenga. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira, mpaka pamene ndinaona jekete la amuna anga lili pansi. Linkakhala pa msomali, poti katundu wa malemu sitigwira achibale asanagawe. Tilipo analikoka n'kugonapo, kenako n'kutafuna thumba lomwe ankamusungiramo usipa. Timapepala tapulasitiki ta kuchipatala tinali titang'ambika, mapiritsi a mtima ali mbwee.

Ndinatola timapepalato, n'kukweza galu pa ngolo ya alamu anga mpaka ku Nsaru. Adokotala a ziweto anali atapita kukabaya ng'ombe jekeseni, ndiye tinadikira pakhonde, dzanja langa lili pachifuwa pake. Mtima unkagunda mwa apo ndi apo. Atabwera anawerenga dzina la mankhwalawo, anamumwetsa zamadzi zakuda ngati makala, n'kumuika diripi.

Anati, "Mwachita bwino kubwera ndi mapepalawa, mayi. Koma kuchuluka konseku, odwalawo ankamwa?"

Mmawa uliwonse ndinkawafunsa amuna anga ngati amwa mankhwala, iwo n'kumati, "Ndamwa kale, amake Mphatso," uku akusisita thumba lomwelo.

Tilipo anakhala masiku angapo osadya, akumangodzandira. Kenako anayamba kunyambita phala, ndipo lero akuthamangitsa nkhuku za aneba ngati kale. Jekete anatenga alamu, koma galuyo amagonabe pansi pa msomali uja. Ndikamuona pamenepo mtima umandiwawa.

Anzanga, galu akameza mankhwala a anthu musamati tione mawa. Thamangani naye kwa adokotala, ndipo musaiwale pepala la mankhwalawo. Mapiritsi muzisunga pamwamba, m'chitini chotseka bwino. Ngati muli ndi wodwala mtima pakhomo, musamangofunsa ngati wamwa. Mupatseni madzi m'manja, muime pomwepo mpaka ameze.