Mayi Wophika Mikate ya Bwanamkubwa

Bwanamkubwa wochokera ku Sipeni amakonda kunena kuti tauni yathuyi anaimanga ndi lupanga lake. Mayi amene amamuphikira mikate ya chinangwa akamva zimenezi amangopitiriza kupala chinangwa, osadzutsa mutu. Ndi mbadwa ya pachilumba pompano, wamfupi, wa zala zokhakhala, ndipo chimugwirireni asilikali sanalipidwepo kanthu. Yankho lake ndi limodzi: "Ndamva, bwana."

Chaka chatha bwanamkubwayo, pokonzekera kukaonekera kwa mfumu kwawo, analamula kuti Yaima, mwana wa mayiyu, apite nawo akatsale kumeneko, azikatumikira mkazi wake. Mayiyu anati wamva. Kutacha anazimitsa moto wake, akazi anzake onse ophika mikate n'kuzimitsanso wawo. Popanda mikate youma ya paulendo palibe mmalinyero akanakweza matanga a chombo, komanso nyengo ya anamondwe inali itayandikira.

Bwanamkubwa anatsikira yekha kukhitchini. "Iwe nkhalamba, ukufuna chikwapu?"

"Kwapulani, bwana. Koma chombo chanu chinyamula chimodzi, mikate kapena mwana wanga."

Chombo chinanyamuka chodzaza mikate. Yaima anachionerera ali pagombe, atakolowekana mikono ndi amayi ake.