Chitsa cha Mango Pabwalo pa a Sakala

A Josiah Sakala anakalamba akuthirira mitengo ya eni ake. Ankasamalira maluwa pa kampu ina ya alendo ku Nkwali, ndipo dzanja lawo linali labwino: kamtengo kalikonse akakazika pansi kankaphuka basi. Koma pitani kwawo mukaone. Pabwalo pali mbee, moti dzuwa likamaswa mtengo nkhuku zimachita kuthawira pansi pa nkhokwe. Pakati pa bwalolo pangokhala chitsa chimodzi chachikulu.

Chitsacho unali mtengo wa mango. Anaubzala ndi a Anastasia, akazi awo, chaka chomwe analowa m'banja. Ana anakwawira pansi pake, mayiwo ankapetera pomwepo, alendo ankalandiridwa pomwepo. Vuto ndi lija aliyense wa m'chigwa muno amalidziwa: mango akapsa, njovu zimamva fungo zili tsidya la Luangwa. Chaka china zinabwera, zitatha mango zinaphwasula nkhokwe, chimanga chonse psiti. Kutacha a Josiah anatenga nkhwangwa. Akazi awo anagwada, kupempha kuti azingothyola mango akadali aawisi monga ankachitira anzawo. Koma bambo uja akapsa mtima makutu ankawasiya m'nyumba. Pofika madzulo mtengo unali pansi. Amuna timapusa, mkazi akangoti zii timati wavomera. A Anastasia za mtengowo sanazitchulenso, a Josiah nawo anati nkhani yatha.

Ukalamba utafika unawagwira mosiyana. Bambowo unawalowa m'mawondo mpaka anasiya ntchito. Mayiwo miyendo inali gwa, koma unawalowa m'mutu. Anayamba ndi kuiwala mchere, kenako mayina a zidzukulu. Tsiku lina anayang'ana amuna awo omwe, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, abambo? Mwachokera kuti?"

A Josiah anayankha kuti aswera bwino, kenako anazembera kuseri kwa nyumba n'kukalira.

Choopsa chinali kuchoka. A Anastasia akadzuka ankaima pakhomo, kuyang'ana bwalo, kenako kumanga chitenje. "Pano si kwathu. Kwathu kuli mtengo wa mango." Basi ulendo, kulowera njira ya kumtsinje, komwe njovu zimadutsa ngakhale masana. A Josiah ndi mawondo awo aja ankatsimphina m'mbuyo, ndodo m'manja, akuitana amake Thelma, koma wowamva panalibe.

Thelma, mwana wawo amene amagwira ntchito pa bwalo la ndege la Mfuwe, sanapite m'mbali.

"Atate, inu simungawathamangire amayi. Akachokanso ndiwatenga. Kwanga kuli mpanda ndi geti."

Mwanayo sankanama, ndipo sankanena mwankhanza. Koma a Josiah ankadziwa kuti akazi awo akakalowa m'geti limenelo, pano sadzapondanso. Iwo adzatsala okha ndi chitsa chawo.

Anayesa bodza, kuti mtengo unauma wokha. Mayiwo anangopukusa mutu. Anapempha anthu kuti amange chisakasa cha udzu pamwamba pa chitsa. Mayiwo anachiyang'ana n'kunena kuti iwo si mwana, chisakasa amachidziwa. Apa m'pamene mtima unawapweteka kwambiri a Josiah. Mkazi waiwala nkhope yawo, waiwala mayina a ana, koma mtengo uja sanauiwale.

Potsiriza anapita kwa Ruben, woyandikana nawo nyumba, n'kukazula kamtengo ka mango komera kokha kudzala, kolekeza m'bondo. Anakumba dzenje pafupi ndi chitsa atakhala pansi, poti kuwerama kunawakanika kalekale. A Anastasia anatuluka atamanga kale chitenje cha ulendo. Anaima, n'kuyang'ana.

"Abambo, dzenjelo lachepa. Simunabzalepo mtengo inu?"

Katswiri wa maluwa wa ku Nkwali anangowapatsa khasu.

Kuyambira tsiku limenelo mayiwo sanachokenso. Apita bwanji, kamtengo kakufuna madzi m'mawa ndi madzulo, mbuzi za Ruben nazo sizimva? Thelma akabwera amawapeza awiriwo ali m'chisakasa chokanidwa chija, akulondera masamba ochepawo. Mayiwo amafotokoza za utsikana wawo, za kuvuula nsomba m'madambo, ndipo amaseka mpaka misozi. A Josiah amaseka nawo. Nkhani zambiri amazimva koyamba, chifukwa masiku aja mthunzi unalipo iwo analibe nthawi yokhala pansi. Amadziwa kuti mthunzi wa kamtengo aka sadzaukhalira, ndipo sadandaula nazo. Chimene chimawadya ndi zaka zonse zija mkazi wawo ankapetera padzuwa osalankhula.

Tsiku lina madzulo ankazika minga mozungulira kamtengo. A Anastasia anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Inu ndinu munthu wabwino," ananong'ona. "Koma musawauze atate ake Thelma kuti tabzala. Ali ndi nkhwangwa."

A Josiah munga unawabaya chala, koma sanaumve.

"Sindiwauza, mayi," anatero.

Mayiwo anagwedeza mutu mokhutira, n'kuwapatsira ndowa kuti athire madzi otsala.