Anatiuza za Kusamuka, Ife Tinaomba M'manja

Lachiwiri lapitali ndinachita chinthu chimene chikundichititsabe manyazi. Ndinamva mawu akupotozedwa pamaso pa mudzi wonse, ine n'kungokhala duu ngati sindinamve.

Nkhani yake ndi iyi. Achemwali anga, a Esinati, amakhala kumudzi kwathu, kupitirira pa Songani, m'mbali mwa kamtsinje kochokera kuphiri. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo chimene chimawadyetsa iwo ndi adzukulu awo ndi dimba la tomato ndi mpiru m'mphepete mwa mtsinjewo. Sabata yatha ananditumizira uthenga: "Achimwene, anthu a golide aja akuchititsa msonkhano Lachiwiri. Mubwere, inu mumamva Chizungu."

Za golide kwathu si zachilendo. Kumtunda kwa mudzi kuli maenje amene azungu anakumba m'nthawi ya agogo athu. Tili ana ankatiletsa kusewera kumeneko chifukwa mbuzi zingapo zinagweramo. Eni akewo anakumba, anatopa, anapita, maenje n'kutisiyira osakwirira. Tsono chaka chino kwabwera kampani ina imene yakhala ikubowola pansi ndi makina, n'kumatenga dothi ndi miyala m'timatumba. Anthu akhala akungoona galimoto zikukwera ndi kutsika. Lachiwiri ndiye linali tsiku lowauza pamene ntchito yafika.

Ndinakwera minibasi mu Zomba muno, ndinatsika pa Songani, wakabaza n'kundifikitsa pabwalo la sukulu. Anthu anali atadzaza, ena atakhala pa njerwa, ena pa zitenje. Kutsogolo kunaima mzungu wina wamtali, katswiri wa miyala, nkhope itafiira ndi dzuwa. Pambali pake panaima womasulira, Bonifesi, mlembi wa mpingo wathu kumudziko. Ameneyu ndi bambo wa ana anayi tsopano, koma Chingerezi chakecho ndinamuphunzitsa ndine, m'kalasi ya pasukulu yomweyo.

Mlendoyo anayamba bwino. Anati m'malo ambiri amene abowola apeza zizindikiro za golide, ndipo chaka chamawa adzabowola mozama kufupi ndi mtsinje. Bonifesi ankamasulira mosadodoma. Ndisakunamizeni, ndinanyadira mumtima.

Kenaka mlendoyo ananena mawu awa, ndipo ndikuwaika m'Chichewa monga momwe ndinawamvera: "Zotsatira zikapitiriza kukhala zabwino, mwina mabanja ena a m'mbali mwa mtsinje adzafunika kusamuka. Panopa sitingatsimikize."

Bonifesi anatsokomola pang'ono. Kenaka anati: "Akuti zinthu zikapitiriza kuyenda bwino, mabanja a m'mbali mwa mtsinje ndi amene adzayambe kuganiziridwa."

Bwalo lonse linaomba m'manja. Azimayi anaimba nthungululu, ndipo mawu a achemwali anga ndi amene ankamveka pamwamba pa onse.

Nanga ine ndinatani? Palibe. Ndinadziuza kuti mwina makutu akalamba, sindinamve bwino. Ndinadziuzanso kuti si bwino kuchititsa manyazi mlembi wa mpingo pagulu. Koma zoona zake n'zakuti ndinachita mantha. Kumbuyo kwanga kunali anyamata ambiri amene akudikira ntchito kumgodiko, ndipo ndinkadziwa zimene akananena: "Mdala wa m'tauni uyu wabwera kudzathamangitsa chitukuko."

Msonkhano utatha, a Esinati anabwera akumwetulira.

"Mwamva, achimwene? Ife a kumtsinje ndife oyamba!"

Ndinawakokera kuseri kwa kalasi n'kuwauza zimene mzungu uja ananenadi.

"Ndiye inu munamva zimenezi, n'kungokhala? Kodi ndinakuitanani kuti mudzaothere dzuwa?"

Sanadikire yankho. Anandigwira padzanja ngati mwana wothawa sukulu, ulendo kugalimoto kumene mlendo uja ankalongedza mapepala ake.

"Mufunseni. Dimba langa ndidzalisiya kapena ayi?"

Ndinafunsa. Iye anayankha mwaulemu kuti n'zotheka, ndipo anali atanena kale zimenezi pamsonkhano. Anawonjeza kuti zikadzatero padzakhala chipukutamisozi monga mwa lamulo.

"Mufunseni tidzapita kuti."

Anati zimenezo sizinadziwike.

"Nanga manda a amuna anga adzawatani?"

Apa mlendoyo anatulutsa kabuku, analembamo kanthu, n'kunena kuti akafunsa kwa mabwana ake.

Bonifesi ndinamupeza akumasula njinga yake pamtengo.

"Bonifesi, mawu aja unawatenga kuti?"

"Aphunzitsi, inu anthu athu simukuwadziwa? Ndikanangotchula kusamuka, msonkhano ukanathera pomwepo. Miyala ikanauluka. Ine ndinangofewetsa."

"Anakusankha ndani kuti umasulire?"

"Akampani."

"Anakuuza kuti uzifewetsa?"

Anayang'ana tcheni cha njinga. "Sanandiuze kanthu, aphunzitsi."

Mwina akunena zoona. Ndipo chimenecho ndi chimene chikundiopsa kwambiri. Munthu amene akuyembekeza kuitanidwanso pamsonkhano wotsatira safunika kuuzidwa. Amadziwa yekha mawu amene amakondweretsa womuitana.

Owerenga anzanga, ife tili ndi khalidwe lozungulira pofotokoza nkhani yoipa. Munthu akamwalira sitifika pakhomo n'kunena kuti wafa. Timati, "Odwala aja atopa." Timayamba tafunsa za ana, za mvula, za nkhuku, kenaka n'kufika pamutu pa nkhani pang'onopang'ono. Pamaliro khalidwe limeneli ndi labwino, chifukwa womvayo amadziwa tanthauzo la kutopako. Palibe amene amaimba nthungululu akamva kuti odwala atopa.

Koma pankhani ya malo? Mayi amene sanapite patali ndi sukulu angadziwe bwanji kuti "kuganiziridwa" ndi kugwetsa nyumba yake? Kumeneko si kufewetsa ayi. Ndi kumutseka munthu m'maso kuti asaone dzenje lili patsogolo pake.

Ndiye taganizirani zimene zidzalembedwe. Misonkhano yotere imatchedwa yomva maganizo a anthu. Ikatha, wina amakhala pansi mu ofesi n'kulemba lipoti m'Chingerezi. Lipotilo lidzati anthu anauzidwa kuti mwina adzasamuka, ndipo zimenezo n'zoona. Lidzatinso anthu analandira uthengawo ndi chimwemwe, ndipo zimenezonso n'zoona. Mudzaloza pati kuti apa ananama? Tsiku limene a Esinati adzakane kuchoka, wina adzatsegula lipotilo n'kuwauza kuti, "Mayi, munavomera nokha."

Kodi ndi misonkhano ingati yotere imene yachitika m'midzi mwathu muno, ya migodi, ya misewu, ya minda ikuluikulu? Ndi angati amene anavomera zinthu zimene sanazimve? Ndipo ndi angati a ife odziwa zilankhulo zonse ziwiri amene tinakhala pamzere wakutsogolo, titavala majekete, n'kungoyang'ana pansi? Patsikulo sindinali ndekha womva Chingerezi. Panali aphunzitsi a pasukulupo. Panalinso bambo wina wa tayi amene anabwera pagalimoto imodzi ndi mlendoyo, Mmalawi ngati inu ndi ine, amene nthawi yonseyo ankangoseweretsa foni.

Musandimve molakwa. Golide sindikudana naye. Ngati alipodi pansi pa mudzi wathu, akumbidwe, anyamata apeze ntchito. Mwina achemwali anga atauzidwa bwino, n'kuonetsedwa malo ena a madzi, akhoza kuvomera ndi mtima wawo. Koma avomere chinthu chimene achimva. Womasulira azisankhidwa ndi mudzi, osati ndi mlendo. Zimene zanenedwa zizilembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, pepala n'kutsala m'manja mwa eni mudzi kuti aziliwerenga mlendo atapita. Pa yunivesite ya pa Chirunga pano pali ophunzira ambirimbiri a zilankhulo ndi a malamulo. Kukwera minibasi kukafika pa Songani si ulendo wa tsiku lonse.

A Esinati sanadikire zonsezo. Mawa lake anayenda khomo ndi khomo m'mbali mwa mtsinje kufotokozera anzawo. Ena anawakhulupirira, ndipo agwirizana zopempha msonkhano wina. Ena anawaseka. Mayi wina anawauza m'maso muli gwa kuti, "Achimwene anuwo ndi ansanje, akuona kuti ife a kumudzi tilemera kuposa iwo a penshoni." Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma anaiwala kutiuza kuti wotsinidwayo amayamba wakwiya. Bonifesi ndinakumana naye Lachisanu pamsika wa Zomba. Anawolokera tsidya lina la msewu.

Achemwali anga andiuza kuti msonkhano wachiwiriwo ukachitika ndidzakhale kutsogolo, ndipo ndikadzangokhalanso chete ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndavomera.

Koma pali munthu mmodzi amene sakuchoka m'maganizo mwanga, ndiye mlendo wamtali uja. Poyamba ndinkamuona ngati wosalakwa. Iye ananena zoona, amene anapotoza ndi wathu yemwe. Koma ndikamaganiza, mtima ukukana. Munthuyu akuti wagwira ntchito imeneyi m'maiko ambiri. Akudziwa nkhope ya munthu amene wauzidwa kuti adzasiya munda wake. Ife titaomba m'manja, iye sanatembenuke kufunsa womasulira kuti wanena chiyani. Anatulutsa foni n'kutijambula.

Ndiye ndikufunseni inu. Mutauza mayi wamasiye kuti mwina adzachoka pamalo pamene anaika mwamuna wake, iye n'kukuimbirani nthungululu, kodi simungadabwe? Ndipo ngati simunadabwe, ndiye kuti munkayembekeza chiyani?