Ndolo za amayi pansi pa duku

Matipate atangoyamba, ndinaba ndolo za malemu amayi m'chitini cha agogo amene ankandilera. Zinali zasiliva, za timiyala tobiriwira, zosulidwa ndi mmisiri wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Mnzanga anandiboola makutu ndi munga, ndipo ndinkazibisa pansi pa duku.

"Kodi duku mpaka m'makutu, kutentha konseku?" anafunsa agogo.

"Khutu likuwawa, agogo."

Bodza limenelo linatiyendetsa wapansi mpaka kuchipatala ku Chifunga, ine ndikubuula njira yonse. Nesi atakweza dukulo, ndolo zinanyezimira. Ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

Agogo anazigwira, n'kupukusa mutu. "Mayi ako ankalima nazo zimenezi. Vula chidukucho, anthu azione."

Ine wosayankhulayankhula uja, pobwerera ndinapatsa moni aliyense pamsewu.