Tsiku Limene Ndinatsukitsa a Makawa Fulasiki

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kufunsira. Ndinali m'chaka chachitatu pa koleji ya aphunzitsi m'chigwa cha Domasi, ndipo ndinali ndi chizolowezi chokhala pakhonde la labu n'kumafotokozera anzanga masamu a kemisitile, mokuwa ngati ndikugulitsa tomato. Tsiku lina Mayi Kamwendo, amene ankatiphunzitsa phunzirolo, anaima kumbuyo kwanga n'kumamvetsera. Nditamaliza anati, "Esnati, pakamwa pakopa tipapezere ntchito. Uzithandiza a chaka choyamba."

Umu ndi mmene ndinakhalira menta. Menta anali wophunzira wa kalasi ya pamwamba amene wapatsidwa kagulu ka atsopano kuti aziwayang'anira: kuwaonetsa kalembedwe ka lipoti la labu, kubwereza nawo zimene sanamve m'kalasi, ndi kuzindikira msanga amene wayamba kumira. Tinkakumana Lachitatu masana, nthawi imene labu inkakhala yopanda kalasi. Ndinkadzimva, kunena zoona. Gauni loyera la mu labu ndinkalivalira ku hositelo komwe kuti anthu aone.

M'gulu langa munali anyamata ndi atsikana ongochoka kumene kusekondale, komanso bambo mmodzi wa imvi m'mbali, a Makawa. Iwowa anali ataphunzitsa zaka zambiri pa sekondale ina yoyendera kumudzi, ali ndi pepala la uphunzitsi wa pulayimale, ndipo anabwera kudzakweza maphunziro. Ankagona kwa achibale ku Naisi n'kumabwera pa njinga, buluku atalipisa m'masokosi. Gulu lonse linkangowatchula kuti abambo. Za m'buku sizinkawavuta, ndipo ine ndinawaika m'gulu la anthu osadetsa nkhawa.

Semesita imeneyo ntchito yaikulu inali taitireshoni. Umayeza asidi ndi pipeti, kachubu kagalasi kopopera, n'kuthira mufulasiki, kabotolo kagalasi ka khosi lopyapyala, n'kudonthezeramo indiketa, mankhwala osintha mtundu wa madziwo. Pamwamba pa fulasikiyo pamaima byureti, chubu chachitali cha manambala chokhala ndi kampopi kunsi, ndipo mmenemo mumakhala mankhwala olimbana ndi asidiyo. Dzanja lamanzere limatsegula kampopi, lamanja limazunguza fulasiki, maso ali pa madziwo. Ukudikira dontho limodzi limene lisandutse madzi oyera aja kukhala a pinki wotumbululuka. Ukangopyoza, madziwo amafiira ngati chidede, ndipo palibenso chochita koma kutaya, kutsuka ndi kuyambiranso.

Zotsatira za mayeso a labu zitatuluka, a Makawa anali atagwa, kugwa koipa. Mayi Kamwendo anandiitanira ku ofesi. "Abwereza Lachisanu, pakatha masabata awiri. Akagwanso, malamulo akuti abwerere kwawo. Malipoti a gulu lako ndi abwino, nanga bambowa agwa bwanji? Kafufuze."

Lolemba ndinakakhala kumbuyo kwa labu pa kalasi yawo, osathandiza aliyense, kungoonerera. A Makawa atangolowa, mtsikana wina anawakokera mpando n'kuupukuta. Atati atambasule dzanja ku pipeti, Yamikani, mnyamata wochangamuka wa m'gulumo, anaitola msanga. "Abambo khalani, musavutike, ife tilipo." Wina anatsuka magalasi, wina anadzaza byureti. A Makawa anapatsidwa cholembera ndi pepala kuti azilemba manambala. Palibe amene anali ndi nkhanza. Tonsefe tinaleredwa kuti wamkulu sasenza katundu mwana ali pomwepo, ndipo inenso ndinali nditawalanda bika, kapu yagalasi ya mu labu, m'manja kangapo. Semesita yonse bambowa anali asanatsegulepo kampopi ka byureti, ndipo pamayeso munthu amaima yekha.

Lachitatu lake kunatentha, kutentha kwa mu Okutobala, phiri la Zomba likungooneka mwa chimbuuzi. Ndinauza gulu kuti lero agwira ntchito ndi a Makawa okha, ena onse manja kumbuyo. Anayang'anana. A Makawa anaseka pang'ono n'kuima.

Anayamba bwino, koma anaiwala kuchotsa fanelo pamwamba pa byureti asanawerenge nambala. Ndinawakumbutsa. Anawerenga ataimirira, chonsecho diso liyenera kulingana ndi pamene madzi alekeza, ndiye ndinawapempha kuti awerame. Kenaka anagwira kampopi. Anatsegula mwamphamvu, mankhwala anangoti khuthu, madzi mufulasiki psuu.

"Tayani, mutsuke, muyambirenso," ndinatero.

Yamikani anali atanyamuka kale kuti akatsuke. Ndinamubweza. A Makawa anapita okha kusinki, labu yonse ili zii. Kachiwiri anapyozanso. Kachitatu anaiwala kuzunguza fulasiki, pinki anabwera mochedwa n'kubwera yense nthawi imodzi. Ndinabwereza mawu omwe aja.

Anaika fulasiki pansi pang'onopang'ono. "Mwana iwe, ine ndinayamba kugwira choko iwe usanabadwe. Lero undiimike pamaso pa anawa ngati wa Folomu 1?" Anavula gauni, analipinda bwinobwino, n'kutuluka.

Mtsikana wopukuta mpando uja anandiyang'ana ngati ndatukwana malume ake. Ine manyazi anandigwira, mantha nawonso. Ndinaganiza kuti akakwera njinga ija sabweranso, ndipo akhala atachotsedwa ndi ine, osati mayeso. Ndinauza gulu kuti lipite, n'kutuluka kukawafuna.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango pamene ankaimika njinga, atakhala pamuzu. Buluku anali atalipisa kale m'masokosi. Ndinanjuta chapatali pang'ono, monga ndikadachitira kwa bambo anga.

"Abambo, pepani. Sindimafuna kukuchotsani ulemu."

A Makawa anati, "Byureti ija ndaijambula pa bolodi zaka zonsezi. Kusukulu kwathu labu kulibe. Ndimajambula bwino, ndi manambala ake omwe, ana n'kumakopera. Pochoka ndinawauza kuti ndikabwerako tizidzachita zenizeni. Anandiombera m'manja." Anapukuta nkhope ndi kampango. "Ndikaigwira ndimangoona ikusweka. Ndiye anzanuwa akamati khalani, ine mtima umakhala pansi. Ndimakhaladi."

Ndinangonena chimene chinali m'mutu mwanga. "Lachisanu lija Yamikani sakakhalako, abambo. Inenso sindikakhalako."

"Ndikudziwa."

"Labu ili yotsegula mpaka atekinishani oyang'anira labu aweruke. Mulibe munthu. Tiyeni tikathire madzi a pampopi okha mu byureti, opanda asidi, opanda pinki. Mukangotsegula ndi kutseka basi."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana njinga. Kenaka anasolola buluku m'masokosi.

Masana onsewo tinasewera ndi madzi. Ndinawaonetsa kagwiridwe kake: dzanja lizungulire kuseri kwa byureti, chala chachikulu kutsogolo, ziwiri kumbuyo, kuti kampopi kasasololoke. Anatsegula kuti madzi athamange, anachepetsa kuti azidontha, mpaka anatha kulendeweretsa dontho limodzi pansonga osaligwetsa. Manja anga ankayabwa kufuna kuwagwirira, ndiye ndinawapisa m'matumba a gauni. Titabwerera ku asidi anapyoza kamodzi, ndipo ndisanayasamule anati, "Ndamva, amenta. Kutaya, kutsuka, kuyambiranso." Ulendo wotsatira dontho linagwa, madzi anasanduka pinki wotumbululuka, anazunguza, pinkiyo osachoka. Anainyamula fulasikiyo n'kuiyang'anira pawindo nthawi yaitali. "Kuona maso a nkhono n'kudekhadi," anatero.

Masiku otsalawo ankabwera masana alionse labu ikapezeka. Ndinakambirana ndi gulu, ndipo sizinali zophweka. Yamikani anati kwawo akamva kuti bambo wamkulu amatsuka magalasi iye atakhala, amuseka. Ndinamufunsa ngati kuli bwino kuti bambowo abwerere kwawo manja ali oyera. Kuyambira pamenepo gulu linayamba kusinthana: lero uyu pa byureti, uyu pa pipeti, uyu kusinki, ndipo cholembera chinkayenda kwa aliyense.

Lachisanu lija ndinakhala pakhonde la labu osatha kuwerenga kanthu. A Makawa anatuluka gauni litanyowa kutsogolo, osanena zambiri. Zotsatira zitabwera anali atakhoza, osati mwapamwamba, koma mokwanira kuti akhale. Mayi Kamwendo anangondiuza kuti, "Wagwira ntchito," n'kupitiriza kuchonga mapepala awo.

Pano ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina cha ku Malosa, ndipo zipangizo ndi zochepa moti ana amagwirabe ntchito m'magulu. M'gulu lililonse mumakhala wina amene anzake akumuchitira chifundo: mtsikana wobwerera kusukulu atabereka, mnyamata wachibwibwi, wina wamantha chabe. Amamupatsa cholembera, iye n'kumathokoza. Lipoti la gulu silinena zimenezi, limabwera lokongola ndi maina onse pamwamba. Ndiye ine kalasi ikamatha sindiyamba ndi mapepala. Ndimaima pakhomo n'kumayang'ana manja a ana akamatuluka, ndipo amene manja ake ndi ouma ndimamubweza.